Malembo olakwika pa zovala: amachokera kuti, nanga otikhudza ndi ati?

Munthu akamayenda pakati pa matebulo a zovala pa msika wa Kapata kapena pa Saturday Market muno mu Chipata, n'kusiya kaye kuyang'ana mtundu ndi saizi koma kumawerenga zimene zalembedwa pachifuwa pa masikipa, sachedwa kupeza zodabwitsa. Pena lembo limodzi lasowa. Pena malembo awiri asinthana malo. Pena mawu onse ndi a Chingerezi ndithu, koma ukawawerenga pamodzi sakunena kanthu. M'mashopu a ku Down Shops namonso zilimo, pa zovala zatsopano zimene sizinatuluke n'komwe m'pulasitiki. Ogula ambiri sizimawakhudza. Amakoka nsalu kuti aone kulimba kwake, kuyang'ana msoko wa m'khwapa, kunenerera mtengo, n'kumapita. Ukamulozera wogulitsa, yankho lake limadziwika kale: "Ndi sitayilo, bwana," kapena, "Ndani awerenga?"

Owerenga alipo. Mwana wa Giredi 2 amene wangoyamba kulumikiza malembo amawerenga chilichonse chodutsa pamaso pake: chikwangwani cha golosale, paketi ya sopo, msana wa wanjinga amene wamukweza. Mwanayo sadziwa kuti chodindidwa ndi makina chingalakwike. Zimene aphunzitsi alemba ndi choko pa bolodi zimafufutidwa tsiku lomwelo, koma sikipa ya amalume ake aziiona chaka chonse.

Komabe si bwino kuunjika zolakwika zonse pamulu umodzi n'kumaziseka. Zimabadwa mosiyana. Zina sitingachitepo kanthu, zina si zolakwika n'komwe, ndipo zina, zomwe zimandipweteka mtima kwambiri, timazipanga tokha konkuno.

Zina n'zadala. Amene adaonapo "Adibas", "Abibas" kapena "Nkie" pa jekete kapena pa nsapato asaganize kuti dzanja la wolemba lidaterereka. Dzina la kampani ndi chizindikiro chake ndi chuma chotetezedwa ndi lamulo. Kuno ku Zambia zimalembetsedwa ku bungwe la boma la PACRA, ndipo maiko ena ali ndi maofesi awo otere. Wopanga zachinyengo amafuna kuti munthu ali chapatali aone ngati ndi Adidas yeniyeni, koma katundu akagwidwa pa doko kapena pa boda athe kunena kuti dzinalo ndi lina. Ndiye amasintha lembo limodzi, kapena kuika mizere inayi pamene eni ake amaika itatu. Chinyengochi sichimuteteza kwenikweni, chifukwa malamulo a zizindikiro zamalonda amaletsanso dzina lofanana kwambiri ndi la mwini moti n'kusokoneza wogula. Koma pa msika, pamene wogula ndi wogulitsa onse akudziwa kuti chinthucho ndi gong'a ndipo mtengo wake ukuchitira umboni, palibe amene akupusitsidwa.

Mulu waukulu ndi wa zovala zatsopano zotchipa zochokera m'mafakitale a ku Asia, makamaka ku China. Amalonda ena amakazitenga okha ku Guangzhou, ena ku Kariakoo mu Dar es Salaam n'kulowa nazo pa Nakonde, ndipo ambiri a kuno amangokaoda ku Kamwala mu Lusaka n'kuzikweza basi pa Great East Road. Chofunika kumvetsa n'chakuti m'mafakitale ang'onoang'ono ambiri amene amasoka zovala zimenezi, Chingerezi cha pa malaya si uthenga. Ndi chokongoletsera, mofanana ndi duwa kapena mzere. Wojambula akufuna mawu odzaza bwino chifuwa cha sikipa, ooneka achilendo, ooneka odula. Amawatengera pa chithunzi cha chovala china, nthawi zina chithunzi chosaoneka bwino, ndipo fakitale yachitatu imatengera pa chovala cha fakitale yachiwiri. Pa kutengerana kumeneku "r" ndi "n" zoyandikana zimasanduka "m", "c" ndi "l" zimasanduka "d", mzere wina umadulidwa pakati chifukwa malo atha. Pena amalemba chiganizo m'chilankhulo chawo n'kuchiponya mu kompyuta kuti imasulire, ndipo chotulukacho chimapita ku makina popanda wina wodziwa Chingerezi kuchiona. Ifenso timachita chimodzimodzi tikavala malaya a zilembo za Chitchaina kapena Chijapani. Timaona kukongola, tanthauzo sitifunsa.

Makampani akuluakulu akaoda zovala ku mafakitale, amayamba aona chitsanzo n'kuvomereza. Katundu akatuluka ndi cholakwika amamukana. Koma zovala zokanidwazo kawirikawiri sizitayidwa. Pali amalonda amene ntchito yawo ndi kugula zotsala ndi zokanidwa m'mafakitale pamtengo wotsika, n'kuzigulitsa ku misika kumene mtengo ndiwo umalamula. Ndiye chifukwa chake nthawi zina umapeza sikipa ya nsalu yabwino zedi, yosokedwa bwino, yotchipa modabwitsa, chilema chake chili pa lembo limodzi basi.

Apa pali chinthu chowawa kwa ife a Kum'mawa. Thonje limalimidwa ku Katete, Petauke, Lundazi ndi kuno ku Chipata, limachotsedwa njere m'majinale athu, kenaka lambiri limatuluka m'dziko lisanakhale nsalu. Chitsegulireni misika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mafakitale a nsalu monga Kafue Textiles ndi Mulungushi Textiles ya ku Kabwe adafooka, ndipo zovala zambiri zimene timavala zidayamba kuchokera kunja. Pamene pakusankhidwa mawu oti alembedwe pa chovala, ife sitikhalapo.

Tisaganize kuti vutoli ndi la mafakitale otchipa okha. Mu 2011 sitolo yaikulu ya ku America ya Old Navy idagulitsa masikipa a matimu a m'mayunivesite olembedwa "Lets Go", popanda kachizindikiro ka m'mwamba kamene aphunzitsi amati apositirofi, ndipo anthu adaiseka kwambiri pa intaneti poti zovalazo zinali za masukulu a ukachenjede. Okonda mpira achikulire angakumbuke kuti mu 1997, pa masewero a Charity Shield pakati pa Manchester United ndi Chelsea ku Wembley, David Beckham adalowa m'bwalo ndi jezi yolembedwa "Beckam". Dzina lodziwika dziko lonse la England, jezi yodutsa m'manja mwa anthu angapo, koma "h" adasowa.

Zimatheka bwanji? Choyamba ndi maso athu. Munthu wodziwa kuwerenga sawerenga lembo limodzilimodzi. Amangoona maonekedwe a liwu lonse, ubongo n'kumalizitsa wokha. Amene walemba ndiye amavutika koposa, chifukwa amaona chimene amafuna kulemba, osati chimene chili pamaso pake. Ndipo malembo akamakula, maso amathamangira ku mtundu, ku kukula kwake, ku kuwongoka kwa mzere. Chachiwiri ndi makompyuta. Mzere wofiira umene umatichenjeza tikalakwitsa suthandiza kwenikweni pa ntchito imeneyi. Microsoft Word, mwachitsanzo, imabwera itatcheredwa kuti izidumpha mawu olembedwa ndi malembo akuluakulu okhaokha, chonsecho mawu ambiri a pa malaya amalembedwa choncho. M'mapulogalamu ojambulira monga CorelDRAW, wojambula asanatumize ntchito ku makina amakonda kusandutsa malembo kukhala chithunzi kuti asasinthike pa kompyuta ina, ndipo zikatero kompyuta siionanso liwu, imangoona mizere. Komanso liwu likhoza kulembedwa bwino koma lili pamalo olakwika. "Rest in Piece" ndi "Your the best" mulibe liwu limene mulibe mu dikishonale.

Chachitatu ndi mmene kudinda kumachitikira. Podinda ndi sikirini, mawu amawotcheredwa pa nsalu yopyapyala yokungidwa pa felemu, mtundu uliwonse sikirini yakeyake, ndipo utoto umakankhidwa kudutsa m'menemo kupita pa chovala. Lembo limodzi silingasinthidwe palokha. Pamafunika kutsuka sikirini yonse n'kuyambiranso. Cholakwika chikalowa pa sikirini chimatuluka pa chovala choyamba mpaka chomaliza, kaya ndi 50 kaya ndi 50,000. Utoto ukauma ndi moto suchoka. Zopeta ndi makina nazo ukamasula ulusi zimasiya timabowo. Pa pepala kukonza cholakwika sikudya ndalama, pa nsalu kumadya chovala chonse.

Za salaula, zimene anzathu a ku Malawi amati kaunjika, nkhani yake ndi ina. Zambiri zidapangidwira anthu a ku Ulaya ndi ku America amene amawerenga zimene avala, choncho kalembedwe kake kamakhala kolondola. M'mabelo mumapezekabe masikipa a mipingo, masukulu ndi mipikisano ya kumeneko amene adadindidwa molakwika eni ake n'kuwapereka ku mabungwe. Palinso zolakwika za mtundu wina. Ku America, masewero omaliza a Super Bowl asanachitike, amadindiratu masikipa a chipambano a matimu onse awiri, ndipo a timu yogonja saloledwa kugulitsidwa kumeneko. Kwa zaka zambiri ankaperekedwa ku World Vision kuti akagawidwe kunja, ndipo mu 2011 Zambia idali m'gulu la maiko amene adatchulidwa kuti alandira masikipa onena kuti Pittsburgh Steelers ndi akatswiri, chonsecho adagonja kwa Green Bay Packers. Koma vuto lenileni la salaula ndi tanthauzo. Mawu otukwana, nthabwala za mowa ndi za kuchipinda, zolembedwa m'Chingerezi chosalakwika ngakhale pang'ono, zimavalidwa ndi agogo popita ku mapemphero kapena kamwana popita ku sikelo. Mdzukulu amene wafika ku sekondale akaona zotere, awauze agogo mwaulemu. Kukhala chete n'kumaseka kumbali si khalidwe.

Tsopano tibwere kwathu. Chipata ali ndi odinda ake ambiri, ena m'mashopu, ena m'tizipinda ta kuseri kwa misika, ndipo ku Katete, Petauke ndi Lundazi aliponso. Ntchito yawo imayenda ndi kalendala. February akamatha ndi Nc'wala ku Mtenguleni. Pa 8 March ndi tsiku la amayi, pa 12 March la achinyamata, pa 1 May la apantchito. August akamatha ndi Kulamba ku Mkaika. October ali ndi tsiku la aphunzitsi, kenaka la ufulu pa 24. Pakati pa zonsezi pali makwaya, misonkhano ya Chigwirizano ndi ya mabungwe a Akatolika, matimu a mpira a m'midzi, magulu a alimi, maukwati, makampeni a ndale, ndi maliro amene sapangana ndi munthu. Maoda onse a tsiku limodzi amafika sabata imodzi, ambiri mwa iwo kutatsala masiku awiri, chifukwa komiti imachedwa kusonkha ndalama.

Tiyeni tilondole mawu kuchokera pakamwa pa komiti mpaka pa chifuwa cha munthu. Komiti yagwirizana mawu pansi pa mtengo. Mlembi akuwalemba pa foni n'kutumiza pa WhatsApp. Foniyo idatcheredwa ku Chingerezi, ndiye ikusintha mawu a Chinyanja kuti afanane ndi amene ikuwadziwa, mlembi ali pa liwiro osaona. Ku shopu, mnyamata wa pa kompyuta sakopera uthengawo, akuulembanso ndi manja uku akuyang'ana foni ya abwana ake. Mwina adakulira ku Lusaka kapena ku Copperbelt, Chinyanja amalankhula koma sadachilembepo m'kalasi. Akasankha malembo okongoletsa, ena mwa iwo alibe "ŵ", ndiye pamalopo pakutuluka kabokosi kapena "w" wamba. Ngati oda ndi yaing'ono, agwiritsa ntchito vinyl, pulasitiki yodulidwa ndi makina n'kumatidwa pa chovala ndi chitsulo chamoto. Vinyl imadulidwa chagada, mawu akuyambira kumanja, kuti akamatidwa aoneke bwino, ndiye amene akuigwira akuona mawu otembenuka amene sangawawerenge msanga. Kenaka amatenga kachitsulo kosongoka n'kumatokosola pulasitiki yosafunika kuzungulira malembo. Tizidutswa tating'ono, monga kadontho ka pa "i" ndi apositirofi, timanyamuka mosavuta pamodzi ndi zinyalala.

Mu Chingerezi apositirofi ikasowa, anthu amangoti wolemba ndi wosasamala, tanthauzo limamvekabe. M'chilankhulo chathu kachizindikiro kameneka kamasenza katundu wolemera. M'bale ndi munthu wa magazi amodzi nawe, mbale ndi yodyera nsima. Sikipa ya pamaliro yolembedwa "Pitani bwino mbale wathu" yanena china chimene banja silinafune. Ng'oma ndi yoimba pa gule, ngoma ndi nyama ya m'tchire ya nyanga zopotana. Lembo la "h" nalonso si lokongoletsa: phala ndi chakudya, pala ndi kulamula munthu kuti apale moto kapena nsomba, kukula ndi kwa mwana, kukhula ndi kwa mphika. "Umodzi ndi mpamvu" imapezeka pa masikipa a magulu ambiri chifukwa wolemba sadaphunzitsidwe kuti mpweya umene umatuluka ponena "mphamvu" uli ndi lembo lake. Ndipo pali "Mzimu wanu uuse mumtendere", pamene "u" wachiwiri amaoneka ngati wabwerezedwa mwangozi, wodinda n'kumuchotsa pofuna kuthandiza.

Zina si za malembo koma za ulemu ndi za kaganizidwe. Mawu akayamba kuganizidwa m'Chingerezi kenaka n'kutembenuzidwa, "you" mmodzi uja amasiya wolemba pamphambano, ndipo wachinyamata amatha kulemba "Gona mumtendere" pansi pa chithunzi cha agogo a zaka 80 amene moyo wawo wonse palibe adawatchulapo kuti iwe. Wodalira foni kuti imumasulire "we will miss you" akhoza kupatsidwa "tidzakuphonyani" pamene mtima wake umati "tidzakusowani". Zoterezi sizikonzedwa ndi dikishonale. Zimafuna khutu la munthu amene adakulira m'chilankhulocho.

Koma apa mpofunika kudekha, chifukwa ambiri amene amathamangira kudzudzula odinda amadzudzula zosalakwika. Chilankhulo chathu chili ndi kalembedwe kovomerezeka ku Zambia ndi kena ku Malawi, ndipo malire a kalembedweko ali pa Mwami, mtunda wosakwana makilomita 30 kuchokera mu tauni ya Chipata. Mu 1977 Unduna wa Zamaphunziro ku Zambia udatulutsa kalembedwe kovomerezeka ka zilankhulo zisanu ndi ziwiri zophunzitsidwa m'masukulu, ndipo Cinyanja chili momwemo. M'kalembedwe kameneka timalemba "c" pamene a ku Malawi amalemba "ch", ndi "ch" pamene iwo amalemba "tch". Mwana wa pa sukulu ya ku Chadiza amalemba cikondi, cakudya, nchito, chalichi. Mnzake wa ku Mchinji amalemba chikondi, chakudya, ntchito, tchalitchi. Ku Malawi kalembedweko kadakhazikitsidwa ndi Chichewa Board, imene idayamba mu 1972 n'kutulutsa malamulo ake mu 1973, ndipo adakonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990. Kalembedwe ka "c" ndiko kakale. Buku Lopatulika la mu 1922, limene mipingo yambiri ya mbali zonse ziwiri idakulira, lidalembedwa ndi "c", ndipo ndimo mudazolowereka maonekedwe monga "mabvuto" amene achikulire ambiri amalembabe.

Choncho kwaya ya Reformed Church ya ku Madzimoyo ikavala masikipa olembedwa "Cikondi ca Mulungu", palibe lembo limene lagwa. Alemba monga adaphunzirira. Ina ikalemba "Chikondi cha Mulungu" nayonso sinalakwe, chifukwa mabuku a nyimbo, Mabaibulo ndi timabuku ta mipingo takhala tikuwoloka pa Mwami kwa zaka zambiri, ndipo pa intaneti kalembedwe ka "ch" ndiko kafala. Maina a malo monga Chipata ndi Chadiza nawonso amalembedwa ndi "Ch" pa zikwangwani za boma, ndiye maso athu adazolowera zonse ziwiri. Cholakwika chimabwera posakaniza. "Chikondi ca Mulungu" kapena "Cigwirizano cha amai" zikusonyeza kuti anthu awiri adagwira chiganizo chimodzi, aliyense n'kukokera kwake. Ngakhale dzina la mwambo wa Angoni limaoneka patatu pa masikipa ndi m'manyuzipepala: Nc'wala, Ncwala ndi N'cwala. Gulu limene likudinda lisankhe kumodzi, makamaka kumene okonza mwambowo alemba chaka chimenecho, n'kukhala pomwepo kutsogolo ndi kumsana komwe.

Komanso Kum'mawa sikulankhulidwa Chichewa chokha. Ku Petauke ndi Nyimba kuli Chinsenga, Angoni a kwa Mpezeni amalankhula chofanana nacho, ku Mambwe kuli Chikunda, ku Lundazi Chitumbuka, ndipo achinyamata ambiri amalankhula Chinyanja cha m'tauni. Sikipa yolembedwa "Nili bwino" kapena "Nikukonda" si Chichewa cholephera. Ndi mmene mwini wake amalankhulira, ndipo ali ndi ufulu wovala mawu ake. Chitenge cha kuno ndi chitenje cha ku Lilongwe ndi nsalu imodzi. Ndimakana ndithu kuti munthu wa Chinsenga achititsidwe manyazi ndi wina amene wanyamula buku la malamulo a chilankhulo china. Funso loyenera kufunsa pa chovala chilichonse ndi lakuti: kodi zalembedwazi ndi zimene mwini wake amafuna kunena, m'chilankhulo chimene adasankha, ndipo wowerenga amva zomwezo?

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi kusiyana kwa mmene timasamalira zilankhulo ziwirizi. Sikipa ya tsiku la amayi ikatuluka yolembedwa "Womens Day" kapena "Congradulations", pamapezeka wina mu ofesi woiona, chithunzi chimazungulira pa Facebook, abwana amakwiya, wodinda amaitanidwa. Chingerezi cholakwika chimachititsa manyazi chifukwa tidaphunzitsidwa kuti ndicho muyeso wa sukulu ya munthu. Koma Chinyanja chikalakwika, timangoti "bola zamveka". Anthu omwewo amene sangalole kalata ya Chingerezi kutuluka isanawerengedwe kawiri, amatumiza mawu a chilankhulo cha amayi awo ku makina osawayang'ananso, poganiza kuti chimene umalankhula kuyambira ukhanda sungachilakwitse polemba. Kulankhula ndi kulemba ndi maluso awiri. Ambiri a ife Chinyanja tidachisiya m'makalasi a m'munsi, ndipo chichokereni kumeneko timachilemba pa foni pokha, mofupikitsa, mmene chatigwera m'khutu. Za ku Guangzhou sitingazikonze. Izi zili m'manja mwathu, ndipo ndi zimene zimavalidwa pa masiku olemera kwambiri a moyo wathu: poika maliro, pa ukwati, pa ubatizo, pogwada pamaso pa Gawa Undi kapena Mpezeni.

Zikalakwika amalipira ndani? Apa ndi pamene pamabuka mikangano m'mashopu a odinda. Lamulo la Competition and Consumer Protection Act la mu 2010 limati wogwira ntchito yolipidwa aigwire mosamala ndi mwaluso, limapatsa wogula ufulu wobwezeredwa ndalama kapena kusinthiridwa katundu wolakwika, ndiponso limaletsa mashopu kupachika zikwangwani zokana udindo, monga zija zoti katundu akagulidwa sabwezedwa. Madandaulo amapita ku CCPC, bungwe la boma loteteza ogula. Ngati mudatumiza "m'bale" wodinda n'kutulutsa "mbale", mlandu uli kwa iye, ndipo uthenga wa pa foni ndiwo umboni wanu, choncho musaufufute. Koma ngati cholakwikacho chidachokera kwa inu, iye n'kungodinda zimene adalandira, n'zovuta kumuumiriza. Ndipo kunena zoona, odinda ambiri a kuno ndi anyamata ndi atsikana a mpamba wochepa, oti kubweza masikipa 100 kungagwetse bizinesi yonse. Pa sikipa ya pa msika imene mudaiona ndi maso musanalipire, palibe chodandaula.

N'chifukwa chake zonse zimathera pa mphindi zochepa makina asanayambe. Odinda osamala amatumiza chithunzi cha ntchito kwa mwini oda n'kudikira kuti avomereze, ndipo ena amasindikiza pa pepala kuti munthu asaine. Vuto ndi lakuti ambiri tikalandira chithunzicho timayang'ana mtundu ndi nkhope ya malemu ngati yaoneka bwino, n'kuyankha kuti "zili bwino, pitirizani". Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chithunzicho chipite kwa munthu amene sadalembe nawo mawuwo, awerenge mokweza, phatikizo limodzilimodzi, chala chili pa lembo. Mumpingo uliwonse ndi m'mudzi uliwonse muli mphunzitsi wopuma kapena mkulu wa mpingo amene amawerenga Baibulo la Chinyanja pa guwa sabata ndi sabata, ndipo anthu amenewa sakana akapemphedwa. Maina a anthu ndi masiku obadwa atengedwe pa chiphaso, osati pamtima, chifukwa Mbewe ndi Mbeŵe, Zulu ndi Dzulu, 1946 ndi 1964 zimasinthana mosavuta usiku wa pamaliro anthu atatopa. Ndime ya m'Baibulo itsegulidwe ndithu, aone ngati chaputala ndi vesi zikugwirizana ndi mawu. Kenaka padindidwe chovala chimodzi chokha, chionedwe, zotsalazo zitsatire.

Pamene pafunika kusamala koposa ndi pa zinthu zokhalitsa. Sikipa ya tsiku la achinyamata imavalidwa kangapo n'kusanduka ya kumunda. Koma chitenge cha mpingo kapena cha bungwe chimadindidwa kutali, m'mafakitale a kunja kwa chigawo chino kapena kunja kwa dziko kumene, kumene ogwira makina sadziwa Chinyanja ndipo salandira oda yaing'ono. Chikalakwika, mipukutu yonse imabwera choncho, ndipo amayi amachivala zaka zambiri chifukwa ndalama zidapita kale. Chimodzimodzi baji ya sukulu. Ikapetedwa kamodzi, fayilo yake imasungidwa mu kompyuta ya wopeta, ndipo chaka chilichonse amangoitsegula n'kupetanso, matelala ena n'kumatengera pomwepo. Mwambi wa sukulu wokhala ndi lembo lolakwika ukhoza kuyenda pa matumba a malaya a ana kuyambira Giredi 1 mpaka kumaliza, ang'ono awo n'kudzaulandira. Aphunzitsi aakulu ndi makomiti a makolo atenge yunifomu imodzi, awerenge baji yake lembo ndi lembo, ndipo akapeza cholakwika auze wopeta akonze fayiloyo oda ya January isanapite.